Mlandu Suola: Asilikali a ku My Lai ndi Mitima Yao

Pakati pa asilikali obwerako ku nkhondo pamakhala ena amene thupi lao lilibe cipsera ngakhale cimodzi, koma tulo anasiyana nato kalekale. Akafika kwa dotolo amayamba ndi kudandaula za mutu, za m'mimba, za mowa umene wawakulira mphamvu. Amazungulira conco kufikira potsiriza afunsa ndi mau apansipansi kuti, "Kodi ndikali munthu ine, kapena ndinasanduka cilombo?" Ena mwa iwo anamvako mau a Cingerezi akuti psychopath. Limeneli ndi dzina limene madotolo a matenda a maganizo amapatsa munthu wosamva cisoni, wopanda cikumbumtima, amene angathe kupweteka mnzake ndi kupita kukadya mtima uli m'malo. Tsono msilikali uja amaopa kuti dzinalo ndi lake.

Anzanga acinyamata, pa tsamba lathu la mbiri mwezi uno tifuna tione funso limeneli kupyolera m'zimene zinacitika pa mudzi wina wa ku Vietnam m'caka ca 1968, ndiponso zimene zinagwera anyamata amene anazicita. Ndikucenjezeni kuti nkhaniyi ndi yowawa. Koma ambiri mwa anyamatawo anali a msinkhu wanu.

Gulu la Charlie

Vietnam ndi dziko la ku Asia, kum'mwera kwa China. M'zaka za m'ma 1960 linali logawika pawiri. Kumpoto kunali boma la Cikomyunizimu, kum'mwera kunali boma lothandizidwa ndi America, ndipo m'midzi ya kum'mwerako munali zigawenga zochedwa Viet Cong zimene zinali kulimbana ndi bomalo. M'caka ca 1968 ciwerengero ca asilikali a America m'dzikomo cinapitirira 500,000.

Gulu limodzi la asilikaliwo, la anthu oposa 100 pang'ono, linali kudziwika ndi dzina lakuti Charlie Company. Linafika ku Vietnam mu December 1967 litaphunzira za nkhondo ku Hawaii. Ambiri m'gululo anali a zaka za m'ma 20 kapena kucepera apo. Mtsogoleri wao anali Captain Ernest Medina, ndipo pansi pake panali Lieutenant William Calley wa zaka 24, woyang'anira cigawo coyamba ca gululo.

Mdani amene anawatumira sanali kuoneka. Munthu wa Viet Cong usana anali mlimi m'munda wa mpunga, usiku ali ndi mfuti. Cimene anyamatawo anali kukumana naco tsiku ndi tsiku ndi mabomba okwirira pansi ndi misampha ya m'njira. Pa 25 February 1968 gululo linalowa pa malo odzala mabomba, atatu nafa, 12 nabvulala. Pofika pakati pa March, anthu 28 a m'gululo anali atafa kapena kubvulala. Pa 14 March bomba linapha Sergeant George Cox, munthu wokondedwa ndi anzake. M'mawa mwake anacita mapemphero omukumbukira, ndipo mapempherowo atatha Medina anaimirira nawauza za nchito ya tsiku lotsatira.

Taonani m'mene zinthu zinatsatanira: maliro, mkwiyo, kenaka lamulo. Medina anawauza kuti ku My Lai, kagawo ka mudzi waukulu wa Son My m'cigawo ca Quang Ngai, kuli gulu lamphamvu la Viet Cong. Anati pofika 7 koloko m'mawa anthu wamba adzakhala atapita ku msika, cotero aliyense wopezeka m'mudzimo ndi mdani. Anawauza kuocha nyumba, kupha ziweto ndi kuononga cakudya. Asilikali ena pambuyo pake anacitira umboni kuti anawauza kupha ciliconse copuma. Medina anakana zimenezo kufikira m'khoti.

Pa 16 March, ca m'ma 7:30 m'mawa, mahelikopita anatera. Palibe amene anawaombera. M'mudzimo munali amai, ana ndi nkhalamba, ambiri ali pa moto kuphika mpunga wa m'mawa. Kupha kunayamba pomwepo ndipo kunatenga maola ngati anai. Ena anawaombera m'nyumba, ena m'njira akuthawa, ena anawasonkhanitsa ndi kuwakankhira m'ngalande yothirira minda. Atsikana ndi amai ena anagwiriridwa. Gulu linanso la asilikali linacita zofanana ndi zimenezi pa kamudzi kapafupi tsiku lomwelo. Akuluakulu a asilikali a America atafufuza anawerenga anthu 347 ophedwa. Boma la Vietnam linalemba maina 504, ndipo pakati pao pali amai 182, mwa iwo 17 anali ndi pakati, ndi ana 173. Msilikali wa America amene anabvulala tsikulo anali mmodzi yekha, ndipo cipolopolo cinamulasa phazi cinacokera m'mfuti imene anali nayo yekha m'manja.

Anyamata awiri ndi woyendetsa helikopita

Paul Meadlo anali mwana wa kumudzi, wocokera ku New Goshen m'cigawo ca Indiana. Calley anamusiya kuti alonde gulu la anthu amene anawakhazika pansi m'mbali mwa njira. Atabwerako nawapeza akali moyo, anakalipa nati akufuna anthuwo afe. Awiriwo anayamba kuombera. Msilikali mnzake anauza khoti pambuyo pake kuti Meadlo anali kuombera misozi ili m'masaya, akulira ngati mwana. Tsiku lotsatira Meadlo anaponda bomba, phazi lake nkuduka. Pamene anali kumunyamula anakuwira Calley kuti Mulungu wamulanga, ndi kuti nayenso Calley cilango cake cikubwera.

Varnado Simpson anali mnyamata wakuda wa zaka 19, wa ku Jackson m'cigawo ca Mississippi. Polowa m'mudzimo anaona mai akuthawa atafungatira kanthu pa cifuwa. Mkulu wake anamulamula kuombera. Atapita kukagudubuza mtembo anapeza kuti kanthu kaja kanali khanda, ndipo cipolopolo cinapha onse awiri. Iye mwini anasimba kuti kucokera pamenepo mutu wake unangocoka, zimene anamuphunzitsa nkutenga malo. Anabvomera kuti pofika masana anali atapha anthu ngati 25.

Si onse amene anaombera. Michael Bernhardt, Harry Stanley ndi Robert Maples ndi ena mwa amene anakana. Ndipo kumwamba kunali kahelikopita kakang'ono koyendetsedwa ndi Hugh Thompson wa zaka 24, pamodzi ndi anzake awiri, Lawrence Colburn ndi Glenn Andreotta. Thompson ataona mitembo m'ngalande anazindikira cimene cinali kucitika. Anateretsa helikopita yake pakati pa asilikali ndi anthu ena amene anathawira m'dzenje lobisalamo, nauza anzake aja kuti asilikaliwo akaombera anthuwa, iwonso awaombere. Anapulumutsa anthu pafupifupi 10. Andreotta analowa m'ngalande muja, akuponda m'magazi, natulutsamo mwana wamoyo. Andreotta anafa pa nkhondo patangopita milungu itatu.

Lipoti limene linapita kwa akuluakulu linati adani 128 aphedwa ndipo mfuti zitatu zalandidwa. Munthu wofuna coonadi akanafunsa kuti adani 128 anali kumenya bwanji nkhondo ndi mfuti zitatu. Palibe anafunsa. Mkulu wa asilikali onse, General William Westmoreland, anatumiza mau oyamikira.

Coonadi cituluka

Makolo athu anati mlandu suola. Msilikali wina dzina lake Ronald Ridenhour, amene sanali pa My Lai tsikulo koma anamva nkhaniyi kwa anzake a m'gulu la Charlie, analembera kalata atsogoleri ngati 30 ku Washington mu March 1969. Kufufuza kunayamba mwakacetecete.

Mu September caka comweco, pa kiliniki ya asilikali akale mumzinda wa Boston, mai wina wothandiza odwala maganizo, Sarah Haley, analandira mnyamata wonjenjemera ndi mantha. Mnyamatayo anati gulu lake linapha amai ndi ana pa malo ochedwa My Lai, ndipo anzake anamuopseza kuti akaulula adzamupha. Haley atafotokoza zimenezi pa msonkhano wa anchito, anzake anali atalemba kale kuti mnyamatayo ndi wamisala, akuona zinthu zimene kulibe. Haley anatsutsa. Atate ake anamenyako Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ndipo iye anakula akumva zimene zimacitika ku nkhondo. Patapita miyezi iwiri mtolankhani Seymour Hersh anaulula nkhani ya My Lai m'manyuzipepala, zithunzi za mitembo nazonso nkutuluka. Mnyamata uja sanali wamisala iai.

Pa 24 November 1969 Paul Meadlo anaonekera pa wailesi yakanema ya CBS nabvomera pamaso pa dziko lonse kuti anaombera amuna, akazi, ana ndi makanda. Amai ake anauza mtolankhani kuti anapereka ku boma mwana wabwino, boma nkuwabwezera wakupha. Anthu 26 anaimbidwa milandu, koma amene anapezeka wolakwa ndi Calley yekha. Pa 29 March 1971 khoti la asilikali linamupeza ndi mlandu wakupha anthu 22, ndipo linamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti acotsedwe m'ndende akasungidwe m'nyumba yake pa kampu ya Fort Benning, ndipo mu 1974 anamasulidwa. Medina khoti linamupeza wosalakwa. Amene anali atacoka kale usilikali, monga Simpson, khoti la asilikali linalibe mphamvu yowazenga mlandu.

Cotero Varnado Simpson sanalowe m'ndende ya boma ngakhale tsiku limodzi. Tamvani tsopano m'mene anakhalira. Mu 1977 mwana wake wamwamuna wa zaka 10 anali kusewera panja, anyamata ena apafupi nkuombera mfuti, cipolopolo cosokera nkumulasa. Mwanayo anafera m'manja mwa atate ake. Simpson anati poyang'ana nkhope ya mwana wakeyo anaona nkhope ya khanda lija la ku My Lai, nati m'mtima mwake ici ndico cilango canga. Pamene opanga filimu a ku Britain anamucezera kuti akonze filimu yochedwa Four Hours in My Lai, imene inatuluka mu 1989, anamupeza m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera, makatani ali cotsekera usana. Miyendo ndi manja zinali kunjenjemera kosaleka. Pa tebulo panali mabotolo a mankhwala ambirimbiri. Anali kusunga buku lomatamo zithunzi ndi nkhani za m'manyuzipepala za My Lai, kuti asaiwale. Anakamba poyera kuti sangathe kudzikhululukira. Anali atayesa kale katatu kudzipha, ndipo pa 4 May 1997 anadzicotsera moyo ali ndi zaka 48.

Kodi munthu ameneyu anali psychopath? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kudziwa coyamba cimene mauwo atanthauza, pakuti anthu ambiri amawaponyera pa munthu aliyense wocita coipa cacikulu.

Cikomekome ca mkuyu

Mu 1941 dotolo wa matenda a maganizo wa ku Augusta m'cigawo ca Georgia, Hervey Cleckley, analemba buku lochedwa The Mask of Sanity, ndiko kunena kuti cigoba ca munthu wabwinobwino. Anafotokozamo za odwala ena amene anamuzunguza mutu. Sanali amisala. Sanali kumva mau a anthu osaoneka, ndipo anali kudziwa bwino cabwino ndi coipa. Ambiri anali a pakamwa pokoma, oseketsa, okopa anthu msanga. Koma anali kunama popanda kuphethira, kubera ngakhale makolo ao, kusiya akazi ndi ana popanda kuceuka, ndipo akagwidwa sanali kucita manyazi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Katswiri wina wa ku Canada, Robert Hare, anapitiriza nchitoyi pakati pa akaidi. M'zaka za m'ma 1960 anali kuonetsa akaidi manambala otsatana, atawauziratu kuti nambala yakutiyakuti ikafika adzagwidwa ndi magetsi. Kamakina kanali kuyesa thukuta la m'manja mwao. Akaidi wamba anali kuyamba kutuluka thukuta nambalayo ikali kutali. Amene anali ndi makhalidwe a psychopath thupi lao linali kukhala pafupifupi duu. Mantha a cimene cikubwera sanali kuwagwira monga agwirira ena. Ofufuza a pambuyo pake anapezanso kuti kambali ka ubongo kochedwa amygdala, kamene kamatidzidzimutsa tikaona mantha pa nkhope ya munthu, kamagwira nchito mofooka mwa anthu otere. Hare anakonza mndandanda wa zizindikiro 20, umene anausindikiza wokonzedwanso mu 1991. Cizindikiro ciliconse cimapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo wofika pa 30 mwa 40 ndiye amachedwa psychopath. Pa zizindikirozo pali kusamva cisoni, kusalapa, kukankhira ena mlandu, ndi makhalidwe oipa oyambira ku ubwana. Akatswiri amayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 100 ali wotero, koma m'ndende ciwerengeroco cimakwera kwambiri. Ambiri mwa iwo sapha munthu. Amangodya anzao mocenjera.

Nanga munthu wotere akapatsidwa mfuti ndi ulamuliro? Tiyeni ticoke ku Vietnam pang'ono, tibwerere m'mbuyo ku Germany ya Adolf Hitler. Kumeneko kunali Oskar Dirlewanger, munthu wophunzira kwambiri amene anamenyako Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Mu 1934, nthawi ya mtendere, anamangidwa zaka ziwiri cifukwa cogona ndi mtsikana wa zaka 14. Mnzake wa udindo waukulu anamukonzera njira, ndipo mu 1940 anapatsidwa gulu la asilikali lopangidwa ndi akaidi. Ku Belarus gululo linali kutsekera anthu a m'midzi m'nkhokwe ndi kuziyatsa moto, ndipo linapha anthu wamba osacepera 30,000. Mu August 1944 linapha anthu zikwizikwi mumzinda wa Warsaw, odwala a m'zipatala omwe. Nkhanza zake zinafika poti woweruza wina wa gulu la SS lomwelo, Konrad Morgen, anayesa kumumanga, koma analephera. Dirlewanger anali kumenya ndi kuombera ngakhale asilikali ake. Analandira mendulo, napitiriza nchito yake kufikira nkhondo ili pafupi kutha, ndipo anafa ali m'manja mwa omugwira mu June 1945. Olemba mbiri ambiri amamucha psychopath. Mu mtendere ndi mu nkhondo anali munthu mmodzimodzi, ndipo nkhondo inangomukulitsira munda.

Muikeni pambali pa Simpson, wodzitsekera m'cipinda ca mdima zaka zonsezo, ndipo muona kuti ngakhale onse awiri anakhetsa mwazi wosalakwa, mitima yao siifanana.

Cimene cimasokoneza

Komabe kusokonezeka kumakhalapo, ndipo cifukwa cake cimamveka. Msilikali wobvutika ndi zimene anacita kawirikawiri mtima wake umacita dzanzi. Amai ake amwalira, iye osagwetsa msozi. Mwana wake amuthamangira kuti amunyamule, iye osamva kanthu. Amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amamwa mowa, amathawa anthu. Mkazi wake amamuuza kuti ulibe mtima iwe, ndipo iye amabvomera. Poonera kunja afanana ndithu ndi munthu uja wa Cleckley.

Dotolo wodziwa nchito yake amafunsa za kale. Kodi munthuyu anali wotani asanapite ku nkhondo? Psychopath amadziwika akali mwana: bodza, kuba, kuzunza tiana tinzake ndi ziweto, osamva cilango. Msilikali wa dzanzi anali mwana wonga ana ena, ndipo abale ake amatha kuloza caka cimene anasinthira. Dotoloyo amamvetseranso kumene cala ca munthuyo cikuloza. Psychopath amaloza ena nthawi zonse, ngakhale amene anawalakwira. Akadandaula, amadandaula kuti anagwidwa. Msilikali wolemedwa ndi liwongo amadziloza yekha, nthawi zina mopitirira muyeso, mpaka kusenza ndi milandu imene si yake, monga Simpson anasenzera imfa ya mwana wake amene anaphedwa ndi anthu ena. Ndipo dzanzi lija limamuwawa. Amalira cifukwa cakuti sakutha kulira. Psychopath kusamva kwake sikumusowetsa tulo, ndipo sangayende ulendo wopita ku cipatala kukafunsa mwamantha ngati ali ndi mtima.

Zoona, psychopath amatha kunamizira kulapa pamene kulapako kumupindulitsa, monga pamaso pa woweruza. Ndiye funsani kuti wapindulanji. Meadlo ndi Simpson poulula anataya ulemu ndi mtendere, osapatapo kanthu.

Mu 1980 madotolo a ku America analemba m'buku lao la matenda dzina latsopano lakuti PTSD, bvuto la munthu amene anaona zoopsa ndipo zoopsazo zimamubwerera m'maloto ndi m'maganizo. Sarah Haley anali mmodzi mwa amene analimbikira kuti bvutoli lizindikirike. Koma muzu wa PTSD ndi mantha, pamene asilikali ena cinali kuwadya si mantha. Mu 1991 Herbert Hendin ndi Ann Haas anafalitsa zimene anapeza pa asilikali akale 100 a ku Vietnam odwala PTSD. Mwa iwo 19 anali atayesa kudzipha, ndipo cimene cinawasiyanitsa kwambiri ndi anzao cinali kudziimba mlandu pa zimene anacita ku nkhondo. Dotolo Jonathan Shay, amene anathandiza asilikali akale ku Boston kuyambira mu 1987, ndiye anachukitsa dzina la bala limeneli, m'Cingerezi moral injury, ife tinganene kuti bala la cikumbumtima. Iye anati limabwera pamene mtsogoleri amene unamukhulupirira apotoza cilungamo pa nthawi ya moyo ndi imfa. Mu 2009 Brett Litz ndi anzake anaonjezera kuti limabweranso pamene munthu acita yekha, kapena alephera kuletsa, kapena aona ndi maso cinthu cotsutsana ndi zimene amakhulupirira pansi pa mtima.

Ndico cifukwa cake balali linagwiranso ndi osalakwa omwe. Hugh Thompson, amene anapulumutsa anthu, anabvutika zaka zambiri ndi maloto oipa ndi mowa. Kwao ena anamuyesa wopereka anzake, namuopseza kuti amupha, namutayira nyama zakufa pakhomo. Koma cimene cinali kumubwerera ndi ngalande ija, ndi anthu amene sanathe kuwapulumutsa.

Pano pali cinthu cimene sindifuna kuti ticilumphe. Kukanakhala kokoma kukhulupirira kuti zoipa zazikulu zimacitidwa ndi zilombo zobadwa conco, pakuti pamenepo ife tonse tikanakhala pabwino. Koma tawerengani nokha. Ngati psychopath ndi mmodzi mwa 100, gulu la Charlie likanakhala ndi mmodzi kapena awiri, ndipo anthu awiri sangaphe mazana a anthu m'maola anai anzao akungoyang'ana. General William Peers, amene anatsogolera kufufuza kwa asilikali ndi kupereka lipoti lake mu 1970, anapeza kuti anyamata a gululo anali ofanana ndi anyamata a m'magulu ena onse. Madotolo amene anapima Calley pa nthawi ya mlandu sanamupeze ndi matenda a maganizo. Cikumbumtima anyamatawa anali naco. Cinaphimbidwa ndi mkwiyo wa maliro, ndi mantha, ndi cizolowezi comvera lamulo, ndi maina onyoza amene anaphunzira kuchula anthu a ku Vietnam kufikira analeka kuwaona ngati anthu. Cinadzuka mocedwa. Misozi ya Meadlo isonyeza kuti anali munthu, koma sinaletse cala cake, ndipo anthu a m'ngalande muja sanapindule nayo. Kumva liwongo sikufafaniza mlandu. Bernhardt ndi Stanley anali pa dzuwa lomwelo, pansi pa akuluakulu omwewo, koma anakana.

Za Calley mitima ya anthu imagawikana. Pa mlandu wake anaumirira kuti anangotsata lamulo la Medina. Anakhala cete zaka zambiri akugwira nchito m'sitolo ya apongozi ake. Mu August 2009, patapita zaka 41, anaimirira pa msonkhano wina waung'ono mumzinda wa Columbus ku Georgia nati palibe tsiku limapita osamva cisoni ndi zimene zinacitika, ndipo anapepesa. Anaonjezeranso kuti anali kutsata lamulo. Anamwalira mu April 2024 ali ndi zaka 80.

Njira yobwerera kumudzi

Anthu akale anali kudziwa kuti wokhetsa mwazi safika pakhomo monga wocokera ku msika. M'buku la Numeri mutu 31 timawerenga za ankhondo amene anauzidwa kukhala kunja kwa cigono masiku 7 ndi kudziyeretsa asanalowe. Basil, bishopu wa ku Caesarea m'zaka za m'ma 370, analangiza kuti wopha munthu pa nkhondo ayambe waima pa Mgonero zaka zitatu. Nkhondo ya ku Hastings ku England itatha mu 1066, mabishopu analamula asilikali a mbali yopambana kuti acite zakulapa: caka cimodzi pa munthu aliyense amene anamupha, masiku 40 ngati anakantha munthu osadziwa kuti anafa kapena iai, ndipo wosadziwa ciwerengero alape tsiku limodzi pa mlungu moyo wake wonse. Oponya mibvi, amene sakanadziwa kumene mubvi unagwera, anapatsidwa nyengo zitatu za Lenti. Onani kuti amenewa anali opambana, ndipo palibe anawacha zilombo. Koma palibenso anawauza kuti iwalani, simunalakwe. Katundu wao anamuyeza pa sikelo, namupatsa polekezera.

Pafupi ndi ife, nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu October 1992, ija inabweretsa othawa kwao ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kunali m'boma la Petauke, inasiya anyamata ambiri amene anakakamizidwa kupha akali ana. Katswiri wa ku Mozambique komweko, Alcinda Honwana, analemba m'mene midzi ina inawalandirira. Mnyamata sanali kulowa m'nyumba asanasambitsidwe. Zobvala za ku nkhondo zinali kuochedwa, nthawi zina pamodzi ndi kakhumbi ka udzu, abale onse ali pomwepo, ndipo pambuyo pake anali kudya nao mbale imodzi. Mwambowu unali ndi malire ake, pakuti olakwiridwa ambiri sanamve kupepesa kulikonse. Koma mnyamatayo sanasiyidwe yekha ndi mtolo wake.

Asilikali a ku Vietnam analibe zotere. Aliyense anali kutha miyezi yake 12 payekha, nakwera ndeke pamodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo m'masiku awiri kapena atatu anali atakhala pa mpando kwa amai ake. Ena anawacha opha makanda, ena anawauza kuti ndinu ngwazi, musaganize zambiri. Mau onse awiriwa anali kutseka pakamwa munthu wofuna kuulula. Kuyambira mu 1970 asilikali akale ena ku New York anayamba kusonkhana okhaokha m'timagulu kuti azisimbirana zimene anacita, madotolo odzipereka ali nao pamodzi. Lero othandiza asilikali otere amalola munthu kuchula cimene anacita ndi dzina lake lenileni, kulekanitsa mlandu wake ndi wa ena, ndi kufuna njira yobwezera cabwino kwa amoyo.

Pa 6 March 1998 boma la America linapatsa Thompson ndi Colburn mendulo ya ulemu ku Washington, ndipo ya Andreotta inaperekedwa iye atafa kale. Patapita masiku 10 awiriwo anali ku My Lai pa mwambo wokumbukira zaka 30. Anakumana ndi ena mwa anthu amene anawapulumutsa. Thompson anasimba pambuyo pake kuti mai wina wokalamba anamufunsa kupyolera mwa womasulira kuti, nanga amene anatiombera aja sanabwere nanu bwanji? Thompson anayesa kuti maiyo akufuna kubwezera. Koma womasulira anatsiriza mau a maiyo: anafuna abwere kuti awakhululukire. Pa tsikulo Varnado Simpson anali atagona m'manda miyezi 10.